Magalasi ozokota ndi krustalo: mafunso amene anthu amatifunsa kawirikawiri

Mafunso awa ndawatola pa benchi yathu ku Chilenje, kwa anthu obwera ndi matambula awo atakulunga m'chitenje, ndi kwa ena otumiza mauthenga pa WhatsApp usiku. Ine ndine wa m'badwo wachitatu pa ntchitoyi. Anayamba ndi agogo, akubala amayi anga, kenaka amalume, tsopano ine ndi msuweni wanga. Ngati funso lanu layankhidwa kale pena, ndikulozerani komweko.

Kodi mumapanga chiyani kwenikweni?

Timadula, kuzokota ndi kuwalitsa magalasi. Zotuluka kwambiri ndi matambula olembedwa mayina a mkwati ndi mkwatibwi, zikho za mpikisano ndi za anthu opuma pa ntchito, makalilole a maluwa m'mbali, zitseko za displei, ndi mazenera amitundu a m'matchalitchi. Timakonzanso zakale zimene zabenthuka. Mawindo wamba a nyumba tinasiya, ngakhale kuti agogo anayambira pomwepo.

Galasilo mumaliumba nokha?

Ayi, ndipo amene angakuuzeni kuti amaumba krustalo kuseri kwa nyumba yake mumufunse akuonetseni ng'anjo.

Kwathu timati pali amisiri a moto ndi amisiri a madzi. A moto ndiwo amasungunula mchenga woyera, soda ndi laimu, n'kutapa phalalo ndi chitsulo chamchombo, n'kulifufuma ngati baluni. Pa magawo 10 a galasi wamba, pafupifupi 7 ndi mchenga. Kuti zisungunuke bwino pamafunika moto wa madigiri pafupifupi 1,500, ndipo ng'anjo yotere siizimitsidwa madzulo ngati mbaula. Imayaka usana ndi usiku kwa miyezi, chifukwa ikazizira mwadzidzidzi phala limauma mumphika n'kuung'amba. Amene anali mu Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa mmene magetsi ankaonekera. Ndani akanasunga ng'anjo chaka chimenecho?

Ife ndife a madzi. Timalandira galasi litazizira kale, n'kuligwira pa gudumu limene madzi akudonthera. Magalasi afulati amabwera pa mathiraki kuchokera kunja. Amapangidwa pothira phala pamwamba pa chitsulo chosungunuka chotchedwa tini, njira imene kampani ya Pilkington ya ku England inalengeza mu 1959, n'chifukwa chake amakhala osalala mbali zonse popanda munthu kuwakwecha. Kuno kwathu moto wa magalasi unadziwika ku Kapiri Mposhi, kumene boma linali ndi fakitale ya mabotolo, koma kumeneko kunali mabotolo, osati zokongoletsa.

Krustalo n'chiyani? Amasiyana bwanji ndi galasi wamba?

Ambirife mawu akuti krustalo tinawamva koyamba kutchalitchi, ndiye timaganiza za chinthu chakumwamba. M'masitolo amangoti crystal. Dzinali lili ndi eni ake awiri. Woyamba ndi mwala wokumbidwa pansi, wotchedwa quartz, umene umamera wokha ndi nsonga za mbali 6. Wachiwiri ndi galasi lopangidwa ndi anthu, limene anathiramo mtovu kuti lifanane ndi mwalawo.

Mngelezi wina, George Ravenscroft, ndiye anatchuka ndi galasi la mtunduwu, ndipo chilolezo cha ntchito yake analandira mu 1674. Mtovu umachita zinthu zitatu: umalemeretsa galasi, umalichititsa kuphwanya kuwala n'kutulutsa timitundu ta utawaleza, ndipo umalifewetsa kotero kuti gudumu limalowa mosavuta. Chachitatucho ndicho chinabala ntchito yonga yathuyi. Ku Ulaya lamulo la 1969 limati galasi lisatchedwe krustalo wa mtovu ngati mtovu wake sukufika magawo 24 pa 100. Kuno aliyense amamata pepala lagolide pa bokosi n'kulemba zimene akufuna.

Nanga ndingadziwe bwanji kuti chimene ndagula ndi krustalo weniweni?

Nyamulani matambula awiri ofanana kukula, limodzi lodziwika kuti ndi wamba. La krustalo limalemera. Ligwireni kumwendo, mulikhome pang'ono ndi chikhadabo: krustalo amalira nthawi yaitali ngati kabelu, galasi wamba limangoti tyo n'kukhala chete.

Kenaka yendetsani chala pa maluwa ake. Odulidwa pa gudumu amakhala ndi m'mphepete mwakuthwa, ndipo mukayang'anitsitsa mizere siilingana ndendende. Othiridwa m'chikombole amakhala obulungira ngati sopo wogwiritsidwa ntchito, ndipo kambiri mumapeza kamzere ka msoko kotsika kuchokera kukamwa mpaka pansi, pamene zikombole ziwiri zinakumana. Zambiri zimene zimadzaza madisplei athu n'zoterezi. Si zoipa, ndipo zimapirira ana kuposa krustalo. Choipa n'kulipira mtengo wa krustalo pogula chikomekome cha mkuyu.

Ndagula mwala wobiriwira, akuti ndi emerald. Mungandiyezere?

Sitiyeza miyala, ndipo pepala lathu silingakuthandizeni pogulitsa. Pitani kwa akatswiri a ku unduna wa migodi. Koma galasi timalidziwa tikaliona, ndipo si kamodzi munthu watiyalira pa benchi "emerald wa ku Lufwanyama" amene anali tako la botolo lokwechedwa bwino. Galasi limakhala ndi timathovu tobulungira mkati, ndipo limafunda msanga m'dzanja pamene mwala umakhalabe wozizira. Amethyst wa ku Mapatizya ndi quartz, ndipo quartz amakanda galasi la pawindo, pamene chidutswa cha botolo chimangotererapo.

Lusoli linalowa bwanji m'banja mwanu?

Agogo anachoka ku Katete m'masiku a Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland, nyumba zosanjikizana zikumera mu Cairo Road. Anapeza ntchito yonyamula magalasi kwa mzungu wina wokalamba woika mawindo. Kuseri kwa shopu mkuluyo anali ndi makina ake a gudumu, amene anabwera nawo kuchokera kwawo, ndipo madzulo ankadulirapo nyenyezi m'makona a makalilole. Ntchito ya agogo inali kudzaza ndowa ya madzi odonthera pa gudumu ndi kukolopa matope oyera otsalira pansi. Kwa zaka zingapo sanaloledwe kukhudza kanthu. Ankati mkuluyo sanawaphunzitsepo ndi pakamwa ngakhale tsiku limodzi, koma sanawathamangitsenso akaima kumbuyo kwake. Ufulu utabwera mkulu uja anapakira kubwerera kwawo, ndipo makinawo anawasiyira agogo m'malo mwa malipiro omaliza. Agogo aakazi anakwiya sabata yathunthu, poti chitsulo sichidyedwa.

Agogo atamwalira, abale a ku Katete anabwera monga mwa mwambo wathu wa Achewa, umene umati chuma cha mwamuna chimapita kwa ana a mlongo wake. Lamulo la 1989 logawa chuma cha masiye, lopatsa ana magawo 50 pa 100, linalipo kale, koma pamaliro palibe anafuna kulitchula. Anatenga njinga, wailesi, masuti awiri ndi bedi. Atalowa m'shedi anaona magudumu a miyala ataunjikidwa pakona, wina n'kunena kuti, "Mphero izi asiyireni, kumudzi kuli zigayo tsopano." Amalume amaseka mpaka lero akakumbukira, chifukwa ndi mphero zomwezo anaphunzitsira azing'ono awo onse sukulu.

Kwa ine mwambo ndi ntchito zinagwirizana, popeza ndine mphwawo wa amalume. Ndinalowa m'shedi ndili mu giredi 6, ndipo ntchito yanga inali ndowa yomwe ija. Tsiku loyamba kundipatsa chodulira anandiikira chidutswa cha windo patebulo. Ndinakanda mzere, n'kuona ngati sunalowe, ndiye ndinabwereza. Anandigwira dzanja. "Mphwanga, galasi salibwereza. Wamva mmene lalirira poyamba paja, ngati nsalu yong'ambika? Basi, linamva." Mpaka pano ndikadula, khutu ndilo limatsogola.

N'chifukwa chiyani ntchito ya magalasi imakonda kuyenda m'mabanja?

Chifukwa wophunzira amaswa, ndipo ndi wachibale yekha amene angakhululukire kuswa kwa zaka zitatu. Zida nazo n'zodula, sizigulidwa ndi mnyamata woyamba kumene. Anthu amaganiza kuti pali mankhwala achinsinsi amene timanong'onezana. Masiku ano zosakaniza zonse zili pa intaneti. Chimene sichilembeka ndi mphamvu yokanikizira, ndi nthawi yochotsera dzanja.

Kunja mabanja otere alipo otchuka. Mu 1291 akuluakulu a mzinda wa Venice analamula kuti ng'anjo zonse zisamukire pa chilumba cha Murano, poopa moto mumzinda, ndipo amisiri ankaletsedwa kuchoka m'dzikomo ndi luso lawo. Banja la Barovier linayamba ntchitoyi kumeneko m'masiku omwewo. A Riedel anayamba ku Bohemia, dera la dziko la Czech, mu 1756, analandidwa mafakitale nkhondo yachiwiri itatha, n'kukayambiranso ku Kufstein ku Austria, ndipo pano ali pa m'badwo wa 11. Daniel Swarovski, mwana wa wodula magalasi wa ku Bohemia komweko, anatsegula fakitale ku Wattens mu 1895. René Lalique wa ku France anasiyira mwana wake Marc, ndipo Marc anasiyira mwana wake wamkazi Marie-Claude.

Koma ine nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Waterford ku Ireland. Fakitale imene a Penrose anatsegula mu 1783 inatsekedwa mu 1851, ndipo mumzindamo munakhala zii pafupifupi zaka 100. Oidzutsa mu 1947 anali amisiri ochokera ku Czechoslovakia. Dzina linali la ku Ireland, manja anali a alendo, monga mmene manja a mkulu wa mu Cairo Road anathera m'banja la ku Katete. Mu December 2023 bungwe la UNESCO linalemba luso loumba magalasi ndi manja la mayiko 6 a ku Ulaya pa mndandanda wa miyambo yofunika kusunga, ndipo msonkhano wake unachitikira pafupi pompa, ku Kasane, kutsidya kwa Kazungula.

Koma imeneyi si ntchito ya azungu?

Gudumu lodulira linabwera ndi azungu, zimenezo sitikana. Galasi lokha linawatsogolera. Ku Ingombe Ilede, kufupi ndi kumene Lusitu amathira mu Zambezi, manda amene anapezeka mu 1960 anali ndi mikanda yagalasi yobwera ndi amalonda kuchokera kunyanja ya kum'mawa. Ku Ile-Ife ku Nigeria anthu ankasungunula galasi lawolawo la mikanda zaka mazana ambiri Apwitikizi asanafike. Akrobo a ku Ghana mpaka lero amasinja mabotolo n'kuotcha ufawo m'tizikombole tadothi, luso loyenda m'mabanja. Agogo athu aakazi ovala mikanda m'chiuno ankavala galasi, kungoti sankalitchula choncho.

Amisiri a moto aliponso kufupi. Ngwenya Glass ku Eswatini inayamba mu 1979 ndi thandizo la ku Sweden, inatsekedwa, kenaka banja la Prettejohn linaitsegulanso mu 1987, ndipo imaumba njovu ndi matambula kuchokera ku mabotolo otayidwa. Ku Kitengela ku Kenya, Nani Croze anayamba ndi mazenera amitundu, mwana wake Anselm n'kuwonjezapo ng'anjo.

Kuzokota kumachitika bwanji?

Titenge mbale yagalasi yoti tidule nyenyezi pansi pake. Choyamba timaigawa ndi cholembera chosafufutika ndi madzi: mizere yozungulira, ina yotsika. Maluwa enieniwo sitijambula, amakhala m'mutu. Nyenyezi ya nsonga 16 ndi mizere 8 yodutsana pakatikati, ndipo umodzi ukaphonya pakatipo ndi kachidutswa kakang'ono, diso la munthu aliyense limaona ngakhale sadziwa chimene chalakwika.

Gudumu loyamba n'lokhakhala, la daimondi masiku ano, ndipo mlomo wake ndi wosongoka ngati mpeni. Silisuntha pamalo pake, limangozungulira. Mbale ndiyo imayenda. Mmisiri amaigwira ndi manja awiri pamwamba pa gudumu, zigongono atatsamira, n'kumayang'ana kupyola mkati mwa mbaleyo kuti aone pamene gudumu likudya kunsi. Madzi amadontha osaleka, chifukwa galasi likafunda pamalo amodzi limang'aluka. Mu June ndi July zala zimachita dzanzi, ndipo amalume amaika kambaula pambali, osati ka mbale koma ka manja. Mzere ukamalowa, kulira kwake kumasintha, kumanka kunenepa. Pa tambula yopyapyala kulirako ndiko kumachenjeza kuti gudumu latsala pang'ono kutulukira mkati.

Pamenepo mzere umakhala woyera ngati ufa. Gudumu lachiwiri, la mwala wosalala, limachotsa mikwingwirima. Kenaka timawalitsa ndi phala la mwala wa pumice, n'kumalizira ndi ufa wa cerium pa gudumu la nsalu yolimba, mpaka mzere uja uoneke ngati madzi. Mafakitale akuluakulu amangoviika zonse mu asidi, n'zachangu, koma asidiyo amadya m'mphepete, kuthwa kuja n'kuchepa.

Nkhope, mbalame ndi zilembo zopindapinda zimafuna timagudumu ting'onoting'ono, tina ngati kandalama, tina ngati mutu wa machesi. Pamenepo tambula imagwiridwa kunsi kwa gudumu, osati pamwamba. Agogo anali ndi ta mkuwa topakidwa mafuta ndi ufa wonolera. Ife tinazolowera ta daimondi, ndipo ndivomere kuti mthunzi wa pa tsaya umene iwo ankatulutsa ine sindinaufikebe.

Nanga mayina a pa zikho ndi mabaji a makampani, nawonso ndi a pa gudumu?

Ambiri ayi. Timamata pepala lodulidwa ndi kompyuta, n'kupopera mchenga wonolera ndi mphepo ya kompresa. Pamene palibe pepala pamachita mbuu. Njirayi ndi imene imalola zikho 50 kufanana. Fumbi lake ndi mdani: la mchenga wa kumtsinje likalowa m'mapapo silituluka, limabweretsa matenda omwe aja a anthu ophwanya miyala ndi a m'migodi. Choncho sitigwiritsa mchenga wamba, ndipo timapopera m'bokosi lotseka.

Alipo anyamata amene amagula asidi wodya galasi, wotchedwa hydrofluoric, n'kumalembera makalilole kunyumba. Chonde lekani. Akagwera pakhungu nthawi zina samva kuwawa msanga, koma amalowa mpaka kufupa, ndipo amapha.

Mitundu ya magalasi imachokera kuti? Mumapaka penti?

Mtundu weniweni umalowa galasi lili phala, ndipo umachokera ku zitsulo. Cobalt amapereka buluu wakuya, mkuwa umapereka buluu wobiriwirako kapena kufiira, manganese amapereka pepo, chitsulo wamba chimapereka kubiriwira kumene mumaona m'mphepete mwa galasi la pawindo. Pinki ndi kufiira kwina kumachokera ku golide weniweni, n'chifukwa chake mtengo wake umatidabwitsa tonse. Chowawa n'chakuti mkuwa, cobalt ndi manganese zonse zimakumbidwa m'dziko muno, koma ife timazigula zitazungulira kunja n'kubwera zili galasi.

Penti yopaka pamwamba ilipo yamitundu iwiri. Ina imaotchedwa mu uvuni n'kulowerera, imeneyo imakhalitsa. Ina imangouma ndi mphepo, ndipo dzuwa la October likaiwomba zaka zochepa imasupuka. Wina akakupatsani mtengo wotsika kwambiri wa zenera lamitundu, funsani ngati ndi galasi lamtundu kapena lopakidwa.

Mpingo wathu ukufuna zenera lamitundu. Tiyambire pati?

Yambani mwakaima m'tchalitchimo pa ola la mapemphero, muone kumene dzuwa likuchokera. Zenera lamitundu limakhala ndi moyo kuwala kukakhala kumbuyo kwake. Loyang'ana khoma la nyumba ina ndi ndalama zotayika. Ngati simunaonepo, lowani mu Cathedral of the Holy Cross, imene inatsegulidwa mu 1962, muone mmene mitundu imagwera pansi ndi pa mipando.

Ife timajambula chithunzi papepala la msinkhu wa zeneralo, n'kudula chidutswa chilichonse payekha. Zidutswazo zimalowa m'timizere ta mtovu tokhala ndi ngalande mbali ziwiri, timawotcherera polumikizira, n'kupaka phala lomatira lotchedwa putty kuti mvula isalowe. Umu ndi mmene anamangira mazenera a tchalitchi chachikulu cha ku Chartres ku France zaka 800 zapitazo, ndipo ambiri akadali pomwepo. Pa nyale ndi tinthu tating'ono timakulunga chidutswa chilichonse ndi kapepala ka mkuwa, njira imene inatchuka ndi Louis Comfort Tiffany wa ku New York.

Komiti ikumbukire ndalama ya waya wa kunja. Ana a Sande sukulu ali ndi mpira.

Ndamva kuti krustalo ali ndi mtovu. Si zoopsa kumweramo?

Mtovu si woseweretsa, ndipo ife a ku Zambia sitifunika kuuzidwa: mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 koma dothi lake likudwalitsabe ana. M'krustalo mtovu umakhala womangika m'galasi, koma zakumwa zowawasa monga vinyo, juwisi ndi viniga zimaukoka pang'onopang'ono. Chachikulu ndi nthawi. Kumwa tambula imodzi paukwati ndi nkhani ina, kusunga vinyo kapena chakumwa china chilichonse m'botolo la krustalo kwa milungu ndi nkhani inanso. Thirani pofuna kumwa, chotsala mubwezere m'botolo lake. Ana ndi amayi oyembekezera amwere m'galasi wamba.

Makampani ambiri anasiya mtovu n'kuika barium, zinc kapena potashi. Moser wa ku Karlovy Vary m'dziko la Czech, woyamba mu 1857, amadziwika ndi krustalo wopanda mtovu, ndipo Swarovski anasintha mu 2012. Amene ali pangozi yeniyeni ndi ife ogwira mtovu wa mazenera tsiku ndi tsiku. M'shedi sitidyeramo nsima, ndipo maovolosi sapita kunyumba.

Matambula anga achita mbuu. Ndiwatsuke ndi chiyani?

Lusaka wakhala pamwamba pa mwala wa laimu, ndiye madzi a m'mijigo yathu amasiya choyera chomwe chija mumachiona m'ketulo. Viikani tambula mu viniga wosakaniza ndi madzi ofunda pang'ono kwa ola limodzi, mutsukuluze, mupukute nthawi yomweyo ndi nsalu yosasiya ubweya. Kusiya kuti iume yokha ndiko kumabweretsa mawangawo. Ngati viniga walephera, ndiye kuti galasi lenilenilo ladyeka, ndipo lifunika gudumu lowalitsira.

Sitiwulu, mchenga ndi phulusa zisiyireni mapoto. Yalani thaulo pansi pa beseni, mutsuke imodziimodzi, ndipo musapotoze mwendo wa tambula mutagwira kumutu. Ngati muli ndi mpira wa krustalo kapena vazi yobulungira yodzaza madzi, musaiike pawindo: imasonkhanitsa dzuwa pamalo amodzi mpaka kuotcha katani.

Chosweka chimakonzeka?

Chobenthuka kukamwa, inde: timakwecha mkombero wonse kutsika mpaka pamene pabenthukapo, tambula imafupika pang'ono koma imakhala yosalala. Mwendo wothyoka timamata ndi guluu wouma ndi nyale ya UV, ndipo chinthucho chimabwerera mu displei, osati patebulo. Mng'alu sutsekeka. Musayese supa guluu musanabwere, chifukwa kumuchotsa kumatenga nthawi kuposa kukonza kwenikweniko.

Ndiyenera kukuchenjezani kuti chinthu chakale chimatha kusweka m'manja mwathu, ndipo ndikunena zimene ndinachita ndekha. Amayi ena achikulire anabweretsa mbale yokhuthala imene analandira pa ukwati wawo, yongofunika kusalaza pobenthuka. Inagona m'shedi usiku wa mu June. M'mawa, pofuna kufulumira, ndinaithira madzi otentha a m'ketulo kuti ndichotse mafuta. Ndinangomva kuti thi, mng'alu wayenda kuchokera kukamwa mpaka pansi. Galasi lokhuthala likatentha kunja mkati muli mozizira, limadzing'amba lokha. Ndinkadziwa zimenezo, ndinangothamanga. Amalume sanakalipe. Anavala jekete, n'kundiuza kuti, "Tiye, ukawauze wekha." Amayi aja anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwanangu, amene anandipatsa mbaleyi onse anapita. Imateni, ndiziionabe." Tinaimata, ndipo ndalama zimene tinapita nazo anakana. Kuyambira pamenepo chinthu chakale chimayamba chakhala m'nyumba tsiku lonse tisanachikhudze, ndipo mwini wake timamuuziratu za ngozi.

Mungandidulire galasi la patebulo kapena la shawa kuti lichepe?

Ngati ndi lolimbitsidwa ndi moto, lija amati tempered, ayi. Likangokandidwa mozama limaphulika lonse kukhala timiyala ngati mchere wa m'magulosale. Yang'anani kachidindo pakona. Matambula ena a m'mahotela nawonso ndi otero, choncho timayesa imodzi tisanalandire bokosi lonse.

Mumagula mabotolo akale?

Timalandira a vinyo ndi ena okhuthala osabwezedwa kusitolo. Timawadula pakati, n'kukwecha kukamwa kukhala matambula ndi zoikamo makandulo. Obwezedwa abwezeni, ali ndi eni ake. Ena amafunsa ngati tingasungunule mabotolo osiyanasiyana pamodzi. Kupatula nkhani ya ng'anjo imene ndafotokoza pa funso lachiwiri, magalasi ochokera kosiyana safufuma ndi kunyala mofanana, ndiye akaphatikizidwa amakokana mpaka kung'aluka, nthawi zina patapita masiku.

Mtengo wake ndi wotani, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Sindilemba mitengo pano, chifukwa galasi limatsata dola ndipo kwacha sagona malo amodzi. Mtengo umapangidwa ndi zinthu zitatu: galasilo, maola a pa gudumu, ndi zimene zingasweke. Mukabweretsa matambula anu, onjezani awiri pa dazeni. Dzina lopopera mchenga n'lotsika mtengo kwambiri kuposa duwa la pa gudumu.

Za nthawi, ndikupempha amakomiti a kitchen party ndi maukwati: milungu itatu. Kubwera Lachinayi ukwati uli Loweruka n'kumene kumabala zilembo zopotoka. Ndipo mayina mutilembere nokha papepala. Tinazokotapo matambula a ukwati wonse ndi dzina lotchulidwa pafoni ndi apongozi, n'kupeza kuti mwini wake amalemba ndi "ph" pamene ife tinaika "p". Chozokotedwa sichifufutika.

Mumaphunzitsa anthu a kunja kwa banja? Nanga atsikana?

Timaphunzitsa, mmodzi kapena awiri pa nthawi, chifukwa gudumu lophunzirira ndi limodzi. Pa nkhaniyi ine ndi amalume tinatsutsana kwa chaka. Iwo ankati mlendo akaphunzira adzatsegula shedi yake pakhomo pathu. Ine ndinkawakumbutsa kuti agogo nawonso anali mlendo kuseri kwa shopu ija, ndiponso ana athu ambiri akufuna za makompyuta, zimene si mlandu. Anavomera tsiku limene anaona kuti maso awo sakuonanso mzere wa cholembera madzulo.

Atsikana ndiwo ambiri mwa otsala. Amayi anga ankadziwa kuwalitsa kuposa amalume, koma m'masiku awo mwana wamkazi ankangoitanidwa ntchito ikachuluka. Amene wadziwa kujambula, kaya ku koleji ya Evelyn Hone kaya payekha, amafulumira pa maluwa, koma miyezi yoyamba ndi yofanana kwa onse: ndowa, kukolopa, kudula zidutswa za windo mpaka mzere uziyenda wowongoka. Obwera ndi funso lakuti adzayamba liti kulandira maoda sakhalitsa.

Ndikufuna kupita nazo ku Chipata pa basi. Ndinyamule bwanji?

Tambula iliyonse ikulungidwe payokha ndi nyuzipepala, ina muipanikize mkati, ndipo ziime m'katoni, zisagone. Mukagwedeza katoniyo pasamveke kanthu. Kalilole ndi galasi lililonse lafulati liyende choimirira pa mphepete yake, litamangidwa pakati pa makatoni awiri kapena mapulanga opyapyala. Likagona, bampu yoyamba ya kupitirira Chongwe ikwanira.

Pa siteshoni ya mabasi ya Intercity anyamata onyamula katundu adzakuuzani kuti pansi pa basi pali malo abwino. Kumeneko ndi kwa matumba a simenti ndi mawilo. Katoni yaing'ono ikhale pamiyendo panu mpaka mutafika, ndipo pa Luangwa potsika kukagula nsomba muisiye kwa munthu amene sakutsika.